NZERU ZA MAKONO: Waya Wofunda wa ku Shimabala ndi Dzenje Lakuda la Kumwamba



Mlungu wathawu ndinakacezera mlongo wanga ku Shimabala, pa mseu waukulu uja wocokera ku Lusaka kupita ku Kafue. Madzulo mwana wace wamkazi, amene ali m'Giredi 11, anayamba kusita zobvala zace za kusukulu. Atatsiriza anagwira nthambo ya nsimbi, napeza kuti yafunda. Pomwepo anandiceukira nati, "Amalume, inu mulemba za sayansi m'nyuzi. Nsimbi kutentha ndiyo nchito yace, nanga nthamboyi ifundiranji? Kodi kulibe waya amene magetsi angayendemo osataya mphamvu m'njira?"

Funso loyambalo ndinaliyankha msanga, kuti waya aliyense afunda pang'ono, koma nthambo ikatentha kwambiri aionetse kwa wodziwa za magetsi isanaoche nyumba. Funso laciwirilo ndilo linandigoneka mocedwa, pakuti mwanayo, mosadziwa, anakhudza nkhani imene yasautsa akatswiri a dziko lonse kuyambira caka ca 1986. Akulu anati safunsa anadya phula. Cotero ndinamulonjeza kuti ndidzamuyankha muno, kuti enanso apindule.

MAGALIMOTO PA CIPATA

Magetsi ambiri a m'dziko lathu acokera ku madzi a Kariba ndi a mtsinje wa Kafue. Makina akale a ku Kafue Gorge anayamba nchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo atsopano a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, anatsirizidwa m'caka ca 2023. Kucokera kumeneko a ZESCO atumiza mphamvuyo pa nthambo zazikulu za mavoti 330,000. Nthambo zimenezo zambiri ndi za aluminiyamu, koma m'nyumba zathu, m'matiransifoma ndi m'mainjini a magetsi muli mkuwa. Zitsulo zonsezi zifunda pamene magetsi ayendamo, ndipo kufundako ndi mphamvu imene inapangidwa kumtsinje koma sinafike pa mphika wa munthu aliyense.

Cimene ciyenda m'waya ndi tinthu tating'ono kwambiri tochedwa maelekitironi. M'caka ca 1900, katswiri wa ku Germany, Paul Drude, anafotokoza mayendedwe ace mwa njira imene ana a sukulu aphunzira kufikira lero. Tiyerekeze ndi magalimoto a pa mseu wa ku Kafue. Galimoto iliyonse ili pa ulendo wace wace, koma ikafika pa cipata ca msonkho ca pa Shimabala, cija onse acicha toll gate, iima, niyambanso liwiro kucokera pansi. M'waya zipata zotere ndi zosawerengeka. Zina ndi tizitsotso ta m'citsulo, zina ndi maatomu a citsuloco amene anjenjemera ndi kutentha. Elekitironi ikagunda pamenepo isiya mphamvu yace, ndipo mphamvuyo isanduka kutentha. Kukaniza kumeneku ndiko akucha resistance.

Pali cinthu cimodzi codabwitsa m'fanizoli. Maelekitironi akankhana okhaokha, ndipo m'kacidutswa ka mkuwa muli oculuka zedi. Nanga atheka bwanji kuwerengedwa monga apaulendo osadziwana? M'caka ca 1956, Lev Landau wa ku Soviet Union anaonetsa kuti m'zitsulo monga mkuwa kukankhanako kungosintha pang'ono kulemera ndi mayendedwe a elekitironi iliyonse, koma iyo ikhalabe payokha. Motero masamu ace ndi otheka. Muyamba mwawerenga ulendo wa elekitironi imodzi, kenaka muonjezapo pang'ono cifukwa ca kukumana kwace ndi inzace, kenakanso pang'ono kwambiri cifukwa ca kukumana kwa zitatu. Zoonjezazo zinka zicepa, ndipo posacedwa yankho lipezeka.

WAYA WOSAFUNDA ALIPO

Tsono kwa mwana wa mlongo wanga nditi, inde, waya wosataya mphamvu alipo. M'caka ca 1911, ku Leiden m'dziko la Netherlands, Heike Kamerlingh Onnes anaziziritsa citsulo ca mercury kufikira madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo kukaniza konse kunatha. Cinthu cotere cichedwa superconductor. Cifukwa cace cinadziwika m'caka ca 1957, pamene John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer a ku America anaonetsa kuti pa kuzizira kotero maelekitironi agwirana awiriawiri, ndipo magulu onsewo ayenda ndi phazi limodzi, kotero kuti tizipata tija tilephera kuwaimitsa. Makina a MRI ounikira m'thupi m'zipatala zazikulu ali ndi waya wotere. Bvuto ndi lakuti kuziziritsa kotero kufuna mpweya wa helium, umene uli wosowa ndi wokwera mtengo.

M'caka ca 1986 kunacitika cinthu cimene ife a dziko la mkuwa tiyenera kucidziwa. Georg Bednorz ndi Alex Müller, a kampani ya IBM pafupi ndi Zurich, anasakaniza mkuwa, okosijeni ndi zitsulo zina ziwiri, naziocha monga aocha mbiya. Cimene cinaturuka cinaleka kukaniza magetsi pa madigiri ngati 238 pansi pa ziro. Caka cotsatira ena ku America anapeza msanganizo wina wa mkuwa umene ucita zimenezi pa madigiri 180 pansi pa ziro. Kumeneko kunali kulumpha kwakukulu, cifukwa naitrojeni, mpweya umene uli woculuka koposa mu mpweya tipumawu, usanduka madzi pa madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo ngwochipa. Mu mzinda wa Essen ku Germany, m'caka ca 2014, anayala nthambo yotere yotalika kilomita imodzi pansi pa miseu.

Komabe ulendo ukali wautali. Msanganizo wa mkuwa wopambana yonse, wopezeka m'caka ca 1993, ufunabe madigiri ngati 140 pansi pa ziro, kuzizira kumene kulibe pena paliponse pa dziko lapansi. Kuti akatswiri apange wina wogwira nchito pa kutentha kwa ku Kafue, ayenera kuyamba amvetsa cifukwa cace iyi igwira nchito. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani, pakuti kufikira lero sanagwirizane.

CITSULO CACILENDO

Cimene ciwazunguza mitu ndi khalidwe la misanganizo ya mkuwayi ikafunda pang'ono, isanafike poleka kukaniza magetsi. Malinga ndi nzeru ya Landau, citsulo cozizira kwambiri mukacicepetsera kutentha ndi theka, kukaniza kocokera ku kukankhana kwa maelekitironi kuyenera kutsika kufikira gawo limodzi la magawo anai. M'misanganizo iyi kutsika ndi theka lokha. Mukaitenthetsa, kukanizako kungokwera mosaima, kufikira poti mukawerenga mwa njira ya Drude mupeza kuti elekitironi igunda isanayende ngakhale kucoka pa atomu imodzi kufika pa inzace. Ndiko kunena kuti galimoto ilipira msonkho isanasunthe n'komwe. Fanizo la magalimoto lafa pamenepo, ndipo akatswiri anangocicha cinthuci strange metal, citsulo cacilendo.

Ambiri akhulupirira kuti m'citsulo cotere maelekitironi agwirana mwamphamvu kotero kuti palibenso imodzi imene ili ndi ulendo wacewace. Ayenda monga madzi a m'Kafue, m'mene simungaloze dontho limodzi ndi kunena kuti ili lipita ku Zambezi palokha. Masamu ofotokoza tinthu tating'ono totere achedwa quantum field theory, ndipo m'masamu amenewo kanthu kalikonse kaonedwa monga kafunde pa dziwe lodzaza malo onse. Mafunde akakhala ocepa ndi osasokonezana, njira ija ya kuonjeza pang'onopang'ono ithandiza. Koma akagwirana mwamphamvu, coonjeza caciwiri ciposa coyamba, cacitatu ciposa caciwiri, monga ngongole ya kaloba imene ciongola dzanja cace cikula kuposa ndalama munakongola. Yankho silifika. Ngakhale makompyuta akulu alephera, cifukwa nchitoyo ikula mowirikiza pa elekitironi iliyonse imene muonjeza.

THANDIZO LOCOKERA KUTALI

Apa ndipempha owerenga apirire, pakuti tisiya waya pang'ono ndi kuyang'ana kumwamba. Tidzabwerera.

Nyenyezi yaikulu kwambiri ikatha moto wace igwera mkati mwa iyo yokha, nisanduka malo amene mphamvu yace yokoka ili yaikulu kotero kuti ngakhale kuwala sikuturukamo. Azungu ati black hole, ife tinene kuti dzenje lakuda. Si nthano ai. M'caka ca 2019 akatswiri anaonetsa cithunzi ca dzenje lotere la pakati pa gulu la nyenyezi lochedwa M87.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Jacob Bekenstein anafunsa kuti dzenje lakuda lingabise zinthu zoculuka bwanji. Yankho linadabwitsa onse. Ife tidziwa kuti cimanga colowa m'nkhokwe cilingana ndi kukula kwa mkati mwace. Koma kwa dzenje lakuda muyeso uli pa kukula kwa khoma lace lakunja, monga ngati mbiri ya njere iliyonse yalembedwa pa dothi lomata nkhokweyo. M'caka ca 1974 Stephen Hawking anaonjeza kuti dzenjelo lili ndi kutentha kwace, monga cinthu cina ciliconse. Pomanga pa zimenezi, Gerard 't Hooft m'caka ca 1993, ndi Leonard Susskind pambuyo pace, anati kapena zonse zocitika mkati mwa malo zingafotokozedwe ndi zolembedwa pa malire a malowo. Anabwereka dzina ku hologramu, kacithunzi konyezimira kaja muona pa makhadi a ku banki, kamene kali kosalala koma kaoneka ngati kali ndi kuya. Luso la zithunzi zotere analitulukira Dennis Gabor m'caka ca 1947.

Amene anasandutsa ganizoli kukhala cida ndi mnyamata wa ku Argentina, Juan Maldacena, m'caka ca 1997, ali ndi zaka 29. Iye anaonetsa kuti pali nkhani ziwiri za masamu zooneka zosiyana kotheratu, koma zimene zili nkhani imodzi. Yoyamba ndi ya tinthu togwirana mwamphamvu, popanda mphamvu yokoka. Yaciwiri ndi ya mphamvu yokoka, m'malo opindika amene ali ndi mbali imodzi yoonjezera, tinene kuti kuya. Cokoma ndi ici: pamene nkhani yoyambayo yafika pobvuta kwambiri, yaciwiriyo ndi pamene ikhala yosabvuta, pakuti isanduka masamu a Albert Einstein a m'caka ca 1915, amene akatswiri awadziwa bwino. M'caka ca 1998 Steven Gubser, Igor Klebanov, Alexander Polyakov ndi Edward Witten analemba malamulo omasulira mau a mbali imodzi kupita ku inzace. Ife a ku Kafue, kumene Cinyanja ndi Citonga zikumana pa msika, tidziwa kuti mwambi wokanika m'cinenero cimodzi nthawi zina umveka msanga m'cinzace.

CITSIME CA M'MASAMU

Tsopano tibwerere ku waya. Yerekezani kuti citsulo cacilendo cija ndi pamwamba pa madzi a m'citsime. Pansi pace pali kuya, ndipo pansi penipeni pali dzenje lakuda. Citsimeci cili pa pepala cabe, palibe amene anena kuti m'nthambo ya nsimbi muli dzenje. Koma kumasulirako kuyenda motere. Kutentha kwa citsulo ndiko kutentha kwa dzenjelo. Kuculuka kwa magetsi m'citsulo ndiko magetsi amene dzenjelo lasenza. Mukakankha maelekitironi ndi batire, kuli monga kubvundula pamwamba pa madzi. Funde litsikira pansi, gawo lina libwerera, gawo lina limezedwa ndi dzenje. Cimene camezedwa sicibwereranso, ndipo kutaika kumeneko ndiko mphamvu imene citsulo cisandutsa kutentha. Wowerenga kukula kwa gawo lomezedwalo wapeza mayendedwe a magetsi m'citsuloco, osachula elekitironi ngakhale imodzi.

Njirayi inayesedwa poyamba pa cinthu cina, osati pa waya. M'caka ca 2001, Giuseppe Policastro, Dam Thanh Son wa ku Vietnam ndi Andrei Starinets anaigwiritsa nchito kuwerenga kulimba kwa madzi a tinthu togwirana, kulimba kuja kumene kusiyanitsa uci ndi madzi akumwa. Anapeza kuti kuli kocepa zedi. M'caka ca 2005, akatswiri a ku Brookhaven pafupi ndi New York, amene anali kugundanitsa mitima ya maatomu a golide pa liwiro loopsa, analengeza kuti phala lamoto loturukapo liyenda monga madzi osalimba konse, pafupi ndi muyeso umenewo. Pamenepo anthu anayamba kuchera khutu.

M'caka ca 2007, Christopher Herzog, Pavel Kovtun, Subir Sachdev ndi Son yemweyo anawerenga mayendedwe a magetsi mwa njirayi, ndipo Andreas Karch ndi Andy O'Bannon anacita cimodzimodzi mwa njira yao. M'caka ca 2008, Gubser, ndiponso Sean Hartnoll, Herzog ndi Gary Horowitz, anaonetsa kuti dzenje lakuda losenza magetsi likazizira kufika pa muyeso wina limera mtambo wa magetsi kunja kwace, ndipo mukamasulira, pamwamba pa citsime paja pasanduka superconductor. Panatsala bvuto limodzi. Madzi oyenda m'mpope wopanda cokhumudwitsa saima, cotero citsulo ca m'masamuwo cinali monga mseu wopanda cipata. M'caka ca 2012 Horowitz, Jorge Santos ndi David Tong anaikamo mizere yofanizira maatomu, ndipo kukaniza kunaonekera monga m'citsulo ceniceni.

Nakonso ku nyumba zoyesera zinthu kunacokera umboni wakuti magetsi angayendedi monga madzi. M'caka ca 2016, magulu a ku Harvard ndi ku Manchester anayesa graphene, kansalu ka maatomu a kaboni kocokera ku mwala wakuda uja uli m'pensulo, kamene kucindikala kwace ndi atomu imodzi. Anapeza zizindikiro zakuti maelekitironi ayendamo monga mtsinje, ndipo a ku Manchester anaona kuti pena abwerera m'mbuyo monga madzi ozungulira pa dziwe.

TISANENE ZOPOSA

Danga lino silizolowera kunyenga owerenga, cotero ndinene poyera zimene njirayi sinacite. Tinthu timene citsime cace cidziwika bwino si maelekitironi enieni a mu mkuwa ai, koma abale ao opekedwa m'masamu. Palibe amene anapeza citsime ca msanganizo weniweni wa mkuwa ndi okosijeni. Cimene njirayi ipatsa ndi zitsanzo za m'mene magetsi angayendere pamene palibe kanthu koyenda pakokha, ndi malamulo ena amene kapena akhudza zinthu zonse zotere. Akatswiri ena aiona monga nyali yoyamba m'cipinda ca mdima, ena ati iunikira cipinda ca mnansi. Mkanganowo udzathetsedwa ndi miyeso, osati ndi kukweza mau.

Ndinenenso kuti mdima wa caka ca 2024, pamene nyumba zambiri zinakhala maola oculuka pa tsiku popanda malaiti, unadza cifukwa ca cilala cimene cinacepetsa madzi ku Kariba ndi m'Kafue. Waya wabwino motani sangadzaze damu. Ndiponso ticenjere ndi mbiri zothamanga. M'caka ca 2023 kunamveka kuti ku South Korea apeza superconductor wosafuna kuziziritsa, koma ena atayesa anapeza kuti sizinali tero.

NANGA IFE?

Takumba mkuwa ku Copperbelt kuyambira nthawi ya makolo, ndipo ku Luanshya fakitale ya ZAMEFA iusandutsa waya. Koma funso lalikulu koposa la mkuwa m'sayansi ya masiku ano lifunsidwa ku Zurich, ku Harvard ndi ku Leiden. Tsiku limene lidzayankhidwa, amene adzakhala ndi nzeruyo ndiye adzaika mtengo, ndipo wokumba mwala adzalandira zotsala.

Cimene cindilimbitsa mtima ndi cakuti mbali iyi ya sayansi siifuna makina a ndalama zambiri. Maldacena anagwira nchito ndi pepala ndi colembera. Zolemba za akatswiri ndachulawa zambiri ziwerengedwa ulere pa intaneti. Ku South Africa, pa mayunivesiti a Cape Town ndi Witwatersrand, alipo ogwira nchito pa masamu amenewa. Ku Muizenberg kuli sukulu ya masamu ya AIMS, imene Neil Turok anayambitsa m'caka ca 2003 kaamba ka ana a mu Africa yense, ndipo ku Trieste m'dziko la Italy kuli malo amene Abdus Salam wa ku Pakistan anakhazikitsa m'caka ca 1964 kuti athandize akatswiri a maiko osauka. Khomo loyamba lili pafupi, pa Yunivesiti ya Zambia, imene yaphunzitsa ana athu kuyambira 1966. Koma mwana safika kumeneko ngati analeka masamu ali m'Giredi 9 cifukwa wina anamuuza kuti ndi phunziro la anyamata, kapena cifukwa funso lace linayankhidwa ndi mau akuti ukhale cete.

Cotero kwa inu makolo ndi aphunzitsi nditi, mwana akafunsa cifukwa cace waya afunda, musamubweze. Ngati simudziwa, nenani kuti tiyeni tikafunse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo kwa iwe mwana wa mlongo wanga, yankho lako ndi ili. Waya wosataya mphamvu alipo, koma akali kufuna cisanu coopsa. Waya wotere wogwira nchito pa dzuwa la mu Okutobala sanapezeke, ndipo amene amufuna afika pofunsira nzeru ku maenje akuda. Nthambo ija ndamva kuti amai ako agula ina. Buku la masamu limene unandipempha ndidzabwera nalo pa kutha kwa mwezi.

Tsalani bwino nonse, tidzakumananso mlungu wamawa.